Baisikopo yopanda mawu: Mulenga wa ku Northern Rhodesia ndi anzake a ku Russia

LUSAKA - Munthu amene achoka ku Woodlands masiku ano kulowera ku Chilenje kapena ku Kabwata sadziwa n'komwe kuti wadutsa malire. Koma m'zaka za m'ma 1950 malirewo analipo ndithu. Woodlands, monganso Kabulonga ndi Rhodes Park, anali malo a azungu, ndipo munthu wakuda anali kugona kumeneko pokhapokha ngati anali khukhi, wochapa zovala kapena wosamalira maluwa, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya bwana. Malire omwewo anafika ndi pa zosangalatsa zomwe. Bwana ndi dona anali kukhala pamipando m'nyumba za kanema za m'tauni, pamene wantchito wawo anali kuonera yake m'maholo a m'makomboni, kapena pabwalo dzuwa litalowa, chinsalu choyera chitapachikidwa. Anthu anali kuitcha baisikopo. Lamulo lotsegula nyumba za kanema, mahotela ndi malo odyera kwa mitundu yonse linabwera mu 1960.

Ambiri mwa mafilimu amene boma la atsamunda linakonzera anthu akuda nthawi imeneyo analibe mawu, ngakhale kuti ku America kanema anali atayamba kulankhula mu 1927. Pakati pa mafilimu amenewa, okondedwa kwambiri anali oseketsa. Sanakonzedwe kuti anthu angoseka basi. Nthabwala inali nyambo, ndipo mbedza inali phunziro la boma: lipira msonkho, sunga ndalama ku positi, usathamangire m'tauni. Dziko lina limene linatchera msampha wotere, zaka zoposa 20 m'mbuyo mwake, ndi la Russia. Kuika mafilimu a maiko awiriwa pamodzi kumaonetsa bwino chimene boma lililonse linali kufuna kwa munthu wakumudzi.

Chidakwa wa kumigodi

Mmodzi mwa oseketsa oyamba kudziwika pa chinsalu m'chigawo chino cha Africa anali Charlie Chaplin. Cha m'ma 1920, mmishonale wa ku America, a Ray Phillips, anayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya golide ku Johannesburg, mogwirizana ndi eni migodi, amene anali kufuna kuti antchito azikhala ndi chochita madzulo m'malo mwa mowa ndi ndewu. A Phillips anali kudula okha mbali zimene anaona kuti sizoyenera. Antchito anamupatsa Chaplin dzina lakuti SiDakwa chifukwa cha kayendedwe kake kodzandira, ndipo wolankhula Chinyanja safunika womasulira kuti amve kuti ameneyo ndi chidakwa. Amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anaona kanema koyamba ali pa ulendo wa ntchito kum'mwera, nabwera nayo nkhani yake kumudzi.

Kuno baisikopo inalowa m'makomboni a migodi ya mkuwa mu 1928. Chaplin anali ndi mwayi umene osewera olankhula analibe. Pamgodi panali Abemba, Alozi, Angoni, Achewa, Atonga ndi Anyakyusa, koma munthu akaterereka n'kugwa chagada pamaso pa wapolisi, onsewo anali kumva chinenero chimodzi.

Lole ya a Latham

Amishonale ena sanakondwere ndi zimene antchito anali kuonera. A John Merle Davis a bungwe la International Missionary Council, atayendera migodi ya mkuwa mu 1932, anaganiza zoti pakhale mafilimu okonzedwera anthu a mu Africa, osewera ake akhalenso anthu akuda. Ndi thandizo la ndalama lochokera ku Carnegie Corporation ya ku New York, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment inayamba mu 1935, chaka chomwe Lusaka anakhala likulu la dziko, ndipo inatha mu 1937. Anaitsogolera ndi a Leslie Notcutt, pamodzi ndi a Geoffrey Latham, amene kale anali mkulu wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Likulu lawo linali ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, ndipo anakonza mafilimu 35.

Mafilimuwo anajambulidwa opanda mawu. Ndemanga zake zinali pa mbale za galamafoni, m'zinenero zingapo kuphatikizapo Chiswahili, Chinyanja, Chibemba ndi Chitumbuka, ndipo woonetsa anali ndi ntchito yoyendetsa mbale ndi chithunzi kuti zisasiyane. A Latham anakweza makina onse pa lole, nazungulira Tanganyika, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Pa ulendo woyambawo anaonetsa kanema maulendo 95 kwa anthu oposa 80,000.

Mitu yake inali ya msonkho, tiyi, kafufutidwe ka zikopa ndi njoka za m'mimba. Filimu yotchedwa Post Office Savings Bank inali ya antchito awiri amene alandira malipiro tsiku limodzi: wina akwirira ndalama zake pansi m'nyumba, mbala n'kuzifukula, mnzake akasungitsa zake ku positi. Kamangidwe ka nkhani kotere, ka wanzeru ndi wopusa, kanakhala msana wa mafilimu a atsamunda kwa zaka pafupifupi 30. Pa mndandanda womwewo anaikapo ina yotchedwa First Farce, yongothamangitsana ndi kugwetsana, kuti anthu asabalalike phunziro lisanathe.

Kumene Russia anayambira

Ku Russia kanema anafika mu May 1896, pamene anthu a kampani ya Lumière ya ku France anaonetsa zithunzi zoyenda mumzinda wa St Petersburg, najambulanso mwambo wolonga ufumu Nicholas II ku Moscow. Kwa zaka zoposa 10 zotsatira, pafupifupi zonse zimene anthu anali kuonera zinali zochokera kunja. Anaseka ndi Max Linder wa ku France, anasekanso ndi André Deed, amene iwo anamutcha Glupyshkin, dzina lotanthauza kachitsiru. Monga mmene anachitira antchito a ku Johannesburg ndi Chaplin, anthu a ku Russia anamutenga mlendo n'kumupatsa dzina la kwawo.

Mafilimu a eni dziko anayamba mu 1908 ndi a Alexander Drankov, ndipo posakhalitsa anapikisana ndi a Alexander Khanzhonkov. Makampani a ku Russia a nthawi ya mfumu anatchuka ndi nkhani zachisoni zothera pa maliro, kotero kuti nthabwala inali ngati ndiwo zapambali: kafilimu kakafupi kotsekera pulogalamu. Komabe oseketsa analipo. Panali chimunthu chonenepa chotchedwa Dyadya Pud, ndiye kuti amalume a Pud, ndipo pud unali muyeso wolemera makilogalamu 16. Panalinso Antosha, amene anali kuseweredwa ndi a Antoni Fertner a ku Poland m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Filimu yoseketsa ya nthawi imeneyo imene ikuonedwabe mpaka lero ilibe munthu ngakhale mmodzi. Mu 1912 a Ladislas Starevich, akugwira ntchito kwa a Khanzhonkov, anatenga tizilombo takufa, natilumikiza miyendo ndi timawaya ndi phula, n'kumatisuntha pang'onopang'ono uku akujambula chithunzi chimodzichimodzi. Nkhani yake ndi ya kubwezera kwa wojambula kanema. Bambo Chikumbu atopa ndi banja, apita kumalo achisangalalo kumene alanda Tombolombo wovina kwa Chiwala. Tsoka ilo, Chiwala ndi wojambula kanema, ndipo awatsatira mpaka ku hotela n'kuwajambula kudzera pa kabowo ka kiyi. Kunyumba nako mayi Chikumbu ali ndi wawo. Bambo atawapezerera achita ukali, kenaka akhululuka monyada, natenga mkazi wawo kukaonera kanema. Woonetsa usiku umenewo ndi Chiwala yemwe uja. Omvera amene anakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi saona chachilendo pamenepa: chinyama chivala khalidwe la munthu kuti munthu adziseke yekha popanda kutchulidwa dzina.

Boma lilowa m'nthabwala

Zinthu zinasintha chipani cha Bolshevik chitalanda boma mu 1917. Pa 27 August 1919 a Vladimir Lenin anasaina lamulo loika ntchito yonse ya kanema m'manja mwa boma. Anthu ambiri akumidzi sanali kudziwa kuwerenga, dziko linali ndi zinenero zochuluka, ndipo atsogoleri anaona kuti chithunzi chifika kumene nyuzipepala singafike. Anatumiza masitima a pamtunda ndi a pamadzi onyamula makina a kanema, ndipo pambuyo pake oonetsa oyendayenda analowa m'midzi pa ngolo. Poti mafilimu anali ndi mawu olembedwa pakati pa zithunzi, pamafunika wina wowawerenga mokweza ndi kufotokozera anzake.

Vuto linali lakuti anthu a m'mizinda, akapatsidwa mwayi wosankha, anali kukagula tikiti ya Douglas Fairbanks, Mary Pickford ndi Buster Keaton a ku America. A Fairbanks ndi a Pickford atacheza ku Moscow mu July 1926, chikhamu cha anthu chinawalandira ngati mafumu. Okonza mafilimu a ku Russia anajambulako zithunzi za ulendowo n'kumangapo nthabwala yonse, imene inatuluka mu 1927, yonena za wantchito wamba wa m'nyumba ya kanema amene atchuka mwadzidzidzi chifukwa Mary Pickford wamupsompsona patsaya. Wosewera wake anali a Igor Ilyinsky, woseketsa wamkulu wa dzikolo m'zaka zimenezo.

Boma linaona kuti njira ndi kubwereka nthabwala. Mu 1925 a Yakov Protazanov anakonza Zakroyshchik iz Torzhka, kutanthauza telala wa ku Torzhok, pofuna kukopa anthu kuti azikongoza boma ndalama. Wokongoza anali kulandira chikalata chokhala ndi nambala, ndipo manambalawo anali kuchitiridwa maere. A Ilyinsky anasewera telala Petya, amene mayi wamasiye mwini shopu afuna kumukwatira mokakamiza. Chikalata chimene iye wagula chichoka m'manja mwake, chiyenda m'manja mwa anthu ena, kenaka chipambana marubo 100,000, ndipo mpikisano wochifunafuna ndiwo filimu yonse. Mu 1927 a Boris Barnet anakonzanso ina ya cholinga chomwecho, ya mtsikana wosoka zipewa amene bwana wake amulipira ndi chikalata m'malo mwa ndalama, osadziwa kuti chidzapambana marubo 25,000. Uthenga wake ndi wapachibale ndi wa filimu ya positi ya a Notcutt. Kusiyana kwake n'kwakuti a Protazanov ndi a Barnet anali akatswiri, ndipo munthu atha kuonera mafilimu awo mpaka kumapeto osazindikira kuti akumutsatsa malonda.

Mulenga apita m'tauni

Ku Northern Rhodesia ntchito yotere inakhazikika nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, kuti lizikonza mafilimu a anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake anali a Alan Izod, ndipo ojambula oyamba anali a Stephen Peet ndi a Louis Nell. A Nell ndiwo anajambula kwambiri kuno. Pofika mu 1953 bungweli linali litakonza mafilimu 77. Anali achikuda, ojambulidwa pa filimu yopapatiza ya mamilimita 16, koma opanda mawu. Osewera anali anthu wamba a m'midzi ndi m'makomboni momwe munali kujambulidwamo.

Imodzi mwa zoyambirira, ndiponso yotchuka kwambiri, inali Mulenga Goes to Town. Mulenga ndi mnyamata wakumudzi amene atumidwa m'tauni kukagulitsa nkhuku. Tauni imulandira ndi mavuto okhaokha: sadziwa kayendedwe kake, sadziwa anthu ake, ndipo aliyense wochenjera amuona ngati chakudya. Abwerera kumudzi manja ali m'khosi. Anthu anamukonda Mulenga kotero kuti bungweli linamubweretsanso m'mafilimu ena, monga Mulenga Gets a Job. Ku Southern Rhodesia kunali mnzake Mattaka, wa mu Mattaka Buys a Motor Car, amene chilakolako cha motoka chimulowetsa m'manja mwa akathyali.

Tsono ku Moscow nakonso kunali Mulenga wawo, koma wamkazi. Mu 1928 a Barnet anatulutsa Dom na Trubnoy, kutanthauza nyumba ya pamsewu wa Trubnaya. Parasha, amene anaseweredwa ndi a Vera Maretskaya, afika mumzinda kuchokera kumudzi atanyamula bakha, kufunafuna amalume ake, osadziwa kuti iwo apita kumudzi komwe iye wachokera. Bakha apulumuka, Parasha amuthamangira mpaka pa njanje ya kasitima koyenda m'misewu, ndipo kasitimako katsala pang'ono kumugunda. Pomwepo chithunzi chiima, filimu ibwerera m'mbuyo kuti ikafotokoze kumene bakha wachokera. Nthabwala yotere akuluakulu a mafilimu a atsamunda sakanailola. A William Sellers, amene anatsogolera bungwe la Colonial Film Unit ku London kuyambira mu 1939, anali kuphunzitsa kuti munthu wa mu Africa asokonezeka ngati kamera ichita zamatsenga, choncho zonse ziziyenda pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Anali kunena zimenezi za anthu omwe anali atatsatira kale Chaplin kwa zaka zambiri popanda wowagwira dzanja.

Parasha apeza ntchito ya m'nyumba kwa wometa tsitsi wotchedwa Golikov, amene mkazi wake afuna wantchito wosalowa bungwe la apantchito kuti azimugwiritsa ntchito usana ndi usiku. Khukhi aliyense wa ku Woodlands wa m'ma 1950 akanaidziwa nyumba imeneyo. Koma mathero ake ndi ena. Parasha alowa bungwe, mphekesera imveka yakuti wasankhidwa kukhala khansala wa mzinda, ndipo anthu onse a m'nyumbamo, amene dzulo lake anali kumupondereza, ayamba kusesa ndi kumukonzera phwando. Mphekeserayo ipezeka kuti ndi yolakwika, bwana amuthamangitsa, koma bungwe limutengera bwanayo ku mlandu. Parasha akhala mumzinda.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nkhuku ndi bakha n'zofanana, kusochera n'kofanana, kuseka n'kofanana. Koma boma la Soviet Union linali kufuna manja m'mafakitale, choncho wakumudzi wake aphunzira tauni naigonjetsa. Boma la Northern Rhodesia linali kufuna manja omwewo pamgodi ndi m'khichini, koma silinafune kuti mwini manja aziyesa tauni kwawo. Mwamuna anali kuyenda ndi chitupa, ndipo tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ta ku Kabwata, timene totsala take lero ndi Kabwata Cultural Village pamsewu wa Burma, tinamangidwira wantchito wopanda banja. Choncho Mulenga anayenera kulephera. Filimu yoti Mulenga alowe bungwe la apantchito sikanajambulidwa, ngakhale kuti mu 1949, nthawi yomwe iye anali kuzungulira pa chinsalu, antchito a m'migodi anakhazikitsa bungwe lawo lenileni motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu.

Sikuti oseketsa a ku Russia anali pa ufulu. A Alexander Medvedkin, amene mu 1932 anayendetsa sitima ya mabogi atatu yokhala ndi zonse zojambulira, kutsuka ndi kuonetsa filimu pamalo pomwepo, anatulutsa Schastye, kutanthauza chimwemwe, mu 1935. Ndi nthabwala ya mlimi wosauka Khmyr, mkazi wake Anna ndi kavalo wawo wamawangamawanga amene akana kulima. Inali imodzi mwa mafilimu otsiriza opanda mawu m'dzikolo, ndipo sinakhalitse: akuluakulu anaichotsa, ndipo inakhala m'kabati kwa zaka zambiri. Mu ulamuliro wa a Joseph Stalin kuseka mlimi kunali kololedwa pang'ono, koma kuseka munda wa boma kunali kusewera ndi moto.

Mwini mawu

Chifukwa chimene mafilimu a Central African Film Unit analibe mawu chinali cha ndalama ndi zinenero. Filimu imodzi inayenera kuonetsedwa ku Petauke, ku Mongu, ku Mzimba ndi ku Gwelo, ndipo kuika mawu a chinenero chilichonse kukanadya ndalama zambiri. Choncho filimu inali kuyenda ndi pepala la ndemanga, ndipo womasulira anali kuima pafupi ndi galimoto ya kanema, injini ya magetsi ikulira kumbuyo, n'kumalankhula pa chimkuzamawu m'chinenero cha pamalopo.

Munthu ameneyu ndiye anali mwini filimu weniweni. Womasulira waulesi anali kungowerenga pepala, mawu n'kumatsalira chithunzi chitapita kale. Waluso anali kuliika pambali. Anali kupatsa osewera mawu, kusintha liwu kuti likhale la nkhalamba kapena la mtsikana, kuponyamo mwambi, ndi kutchula malo odziwika kwa anthu a m'mudzimo. Mzungu woyang'anira, ngati sanali kumva bwino chinenerocho, anali kungoona anthu akugwa ndi phwete, osadziwa ngati akuseka Mulenga kapena akuseka boma. Madandaulo a akuluakulu a nthawiyo onena za omasulira opotoza uthenga, ndi za anthu oseka pamalo posayenera kuseka, ndi ochuluka m'mabuku a akatswiri a mbiri ya kanema, monga a Rosaleen Smyth ndi a James Burns. Atsamunda anali kuwerenga kuseka kotero ngati umbuli. Sanaganize kawirikawiri kuti mwina woonera waumva bwinobwino uthengawo, koma waukana.

Luso lolankhulira chithunzi linali pachibale ndi luso la pa wailesi, ndipo ntchito ziwirizi zinali pansi pa ofesi imodzi yofalitsa nkhani, imene mkulu wake ku Lusaka anali a Harry Franklin. Iwowa ndiwo analimbikira kuti pakhale wailesi yotsika mtengo, ndipo mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa Saucepan Special, wailesi yooneka ngati sefuliya, pa mtengo wa mapaundi 5, batire yake masheleni 25. Central African Film Unit inakonza filimu yotchedwa Lusaka Calling yoitsatsa. Kanema wosalankhula anagwira ntchito yogulitsa bokosi lolankhula.

Jack alanda bwalo

Ngakhale Mulenga anakondedwa, mfumu ya baisikopo m'matauni inali ina. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, mayi Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lawo la Copper Town la mu 1962 anafotokoza za makamu oonera mafilimu a akauboyi pabwalo la mgodi. Kauboyi aliyense, kaya wosewera ndani, dzina lake linali Jack. Mafilimuwa anali ndi mawu a Chingerezi cha ku America, koma ochimva anali ochepa, ndipo phokoso la oonera linali kuchimiza. Kuwonjezera apo, bungwe lounika mafilimu linali kudula mbali zonse zimene linati munthu wakuda asaone, monga akazi ovala mosadzilemekeza ndi njira zochitira umbanda, mpaka nkhani kutsala yoduka mutu ndi mchira. Choncho ngakhale filimu yolankhula inafika kukomboni ngati yopanda mawu, ndipo oonera anali kuikamo awo: kuchenjeza Jack kuti mdani ali kumbuyo, kuimirira, kuponya nkhonya m'malere. Ana anali kusema mfuti zamitengo m'mawa mwake. Katswiri wa mbiri, a Charles Ambler, analemba za zimenezi mu 2001. Monga mmene Fairbanks anavutitsira akuluakulu a ku Moscow, Jack anavutitsa a ku Lusaka.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, Central African Film Unit inalowa m'manja mwa boma la chitaganya, ndipo ntchito yake inapendekera ku kutamanda chitaganyacho. Anthu a kumpoto kwa Zambezi, amene anachikana kuyambira pachiyambi, anayamba kuona galimoto ya kanema ngati mlomo wa Salisbury, ndipo m'madera ena kuonetsa kunakhala kovuta. Bungweli linatha pamodzi ndi chitaganya mu 1963. Dziko litalandira ufulu mu 1964, magalimoto a kanema anapitiriza kuzungulira m'maboma pansi pa Zambia Information Services, imene mu 2005 inaphatikizidwa ndi Zambia News Agency kukhala ZANIS. Munthu wakumudzi wosokonezeka ndi tauni sanachoke pa chinsalu: anadzaonekanso, tsopano akulankhula yekha, m'masewero a Bikiloni ndi Difikoti ku Lusaka, ndi a Izeki ndi Jakobo ku Malawi.

Zimene zinatsala

Filimu ya kale inali yosachedwa kugwira moto ndi kuwola, ndipo nthabwala ndizo zinali zomalizira kusungidwa, poti palibe anaziyesa zamtengo. Mwa mafilimu onse a ku Russia a nthawi ya mfumu, otsala ndi pafupifupi 300 okha. Amasungidwa ku Gosfilmofond, nkhokwe ya mafilimu ya pafupi ndi Moscow imene inakhazikitsidwa mu 1948, chaka chimodzimodzi ndi Central African Film Unit, ndipo maiko ena anawaona bwino koyamba mu 1989 pa chikondwerero cha mafilimu opanda mawu ku Pordenone m'dziko la Italy. Mafilimu a Starevich, Protazanov ndi Barnet lero amapezeka pa intaneti.

Mwa mafilimu 35 a a Notcutt ndi a Latham, odziwika kuti alipo ndi atatu, ku British Film Institute mumzinda wa London, ndipo onse ndi ophunzitsa: wa njoka za m'mimba, wa madokotala a ziweto, ndi wa minda ya alimi ang'onoang'ono. First Farce palibepo. Mafilimu ambiri a Central African Film Unit ali ku National Archives of Zimbabwe mumzinda wa Harare, osati ku Lusaka kapena ku Zomba. Wofufuza akawaonera kumeneko amapeza zithunzi za midzi, misewu ndi nkhope za anthu a m'ma 1950, zikuyenda mwakachetechete. Chinyanja chimene chinali kutuluka pa chimkuzamawu usiku uliwonse sichinali pa filimuyo.